Funsani Malume: kabokosi ka pasukulu, fumbi la ku Moatize ndi mabatire ofa msanga

Moni nonse owerenga. Mwezi uno mauthenga abwera ambiri zedi ndipo angapo akuzungulira pa nkhani imodzi, ya timakina toyeza nyengo, mpweya ndi magetsi, nde ndasankhapo asanu, ena ndawadulako pang'ono chifukwa cha malo.

Malume, pasukulu pomwe pamaphunzira ana anga panabwera anyamata ndi atsikana pa galimoto akuti ndi a kafukufuku ochokera ku yunivesite, anazika chitsulo pakona pa bwalo nkumangirirapo kabokosi koyera, pamwamba kasola kakang'ono ndi kena kooneka ngati fanelo, basi nkumapita. Pano mmudzi muno nkhani zili mbwee, ena akuti kamamva zomwe timayankhula ena akuti nkomwe kachedwetsa mvula chaka chino, akuluakulu ena afika pouza anyakwawa kuti tikazule. Nkachani kwenikweni kameneka? Mayi wa ana anayi, Domwe

Mayi, mwachita bwino kufunsa anthu asanatenge makasu. Mmene mwakafotokozeramu kameneko nkoyezera nyengo, kalibe khutu kalibe diso, ndipo mvula sikangaiyitane kapena kuibweza, ntchito yake nkulemba chabe zomwe kumwamba kwachita kale, ngati mmene sikelo ya pamsika siwonjezera kapena kuchepetsa mbatata zanu, imangonena kulemera basi.

Kafanelo mwaonako nkolandirira mvula. Mu makina ambiri madzi akalowa amatsikira pa timbale tiwiri tating'ono tokhala pa kamtanda kopendekeka, kambale kamodzi kakadzadza kamagwa nkukhuthula kenako kanzake kamabwera pansi pa fanelo, nde kugwa kulikonse makina amawerenga, nthawi zambiri kugwa kumodzi ndi mamilimita 0.2 a mvula. Milimita imodzi ya mvula ndiye kuti lita imodzi ya madzi yagwa pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi, pa hekitala ndi malita 10,000, nde mukamva pa wailesi a INAM, nthambi ya boma yoona zanyengo, akuti kwagwa mamilimita 50 muziona mmaganizo mwanu madzi amenewo. Ngati pali timbale toyera tosanjikizana, mkati mwake muli choyezera kutentha ndi chinyezi, amachibisa choncho kuti dzuwa lisachiwombe koma mphepo izidutsa. Kasolako kamatchaja batire, ndipo mkati muli simu khadi ngati ya mufoni mwanumo, kabokosiko kamagona nthawi yambiri kuti kasunge moto, kamadzuka pakapita mphindi zingapo nkuyeza, kenako nkutumiza manambala pa netiweki. Kutumizako nkomwe kumadya batire kwambiri kuposa kuyeza, nchifukwa chake opanga amavutika nazo kwambiri zoti kazitumiza kangati patsiku.

Kuika makinawa pasukulu si zachilendo ayi. Kuli gulu lotchedwa TAHMO lomwe anayambitsa ndi aphunzitsi awiri a zamadzi, Nick van de Giesen wa ku yunivesite ya Delft ku Netherlands ndi John Selker wa ku Oregon State ku America, cholinga chawo nkuti mu Africa muno mukhale malo oyezera nyengo 20,000, ndipo ambiri amawaika mmasukulu dala kuti pakhale owayang'anira komanso ana aziphunzirapo. Chomwe chimandisangalatsa pa ntchito yawo nchakuti anakhala pansi nkuganizira zomwe zimapha makinawa kuno kwathu, nde anasankha makina opanda kanthu kozungulira kapena kogwedera, mphepo amaiyeza ndi kamawu komwe khutu la munthu silimva, mvula amawerenga madontho. Chifukwa mdani wa zinthuzi kuno si wakuba yekha ayi, ndi kangaude, mavu omanga chisa mufanelo, nyerere zolowa mmawaya, zitosi za mbalame pasola ndi fumbi la mu Okutobala.

Ine ndinaonapo ndi maso anga kabokosi kotere pasukulu ina, katafa kalekale, mufanelo muli dothi la mavu, aphunzitsi osadziwa nkomwe woti amuimbire foni chifukwa obweretsawo sanasiye nambala. Zinandipweteka mtima kwambiri, ndipo apa nde pomwe ndikuwadzudzula anyamata anabwera kwanuwo, kuyeza nyengo nkwabwino koma kufika pamudzi pa eni ake nkuzika chitsulo osakhala pansi ndi anyakwawa, makolo ndi akomiti ya sukulu nkulakwa, mphekesera zonsezi gwero lake ndi pamenepo. Anthu athu si ovuta, amangofuna kuuzidwa.

Phindu lake ndikupatseni chitsanzo chapafupi. Madzi a mtsinje wa Revubwe amachokera kumapiri kwathu konkuno ku Angonia nkukathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Mu Januwale 2022 nthawi ya namondwe Ana mtsinjewu unadzadza mpaka kudula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize, anthu anataya miyoyo ndi nyumba. Mvula yogwa kumtunda imatenga maola kuti ifike kumunsi, nde ngati kumtunda kuli makina ambiri onena msanga kuti kuno kwagwa yoopsa, a kumunsi amapeza mpata wosamuka usiku usanafike. Palinso makina ena oyezera, otchedwa masensa, omwe amawapachika kunsi kwa mlatho, amaponya kamawu pamadzi nkuwerenga nthawi yomwe katenge kuti kabwerere, poti mawu amayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi makina amadziwa kuti madzi akwera bwanji.

Nde mayi pitani kwa ahedi, apemphe a kafukufukuwo abwere pa msonkhano wa makolo, anene kuti iwo ndi ndani, asiye nambala ya foni, aphunzitse mphunzitsi mmodzi ndi ana angapo kutsuka fanelo ndi kupukuta sola, ndipo chachikulu, manambala a mvula azibwerera kwa inu, azilembedwa pabolodi sabata iliyonse. Mvulayo yagwa mminda mwanu, simungamaimvere kwa anthu a kutali.

Malume ine ndimakhala ku Moatize, fumbi lakuda kuno ndi latsiku ndi tsiku, ukayanika zovala zoyera kapena ufa pa mphasa madzulo umapeza zada, mwana wanga wazaka zitatu chifuwa sichimutha. Ndinamva kuti kuli timakina toyeza mpweya totchipa, kodi timanena zoona? Nanga munthu wamba ngati ine ndingapindule nato chani? Bambo wodandaula, Moatize

Bambo, choyamba mwanayo mupite naye kuchipatala akamuyeze bwinobwino, chifuwa chosatha pa mwana chimatha kukhala zinthu zingapo ndipo kamakina ka mpweya sikangalowe mmalo mwa dokotala.

Tsopano za fumbi. Lomwe mumaliona pa ufa ndi pazovala ndi lalikululikulu, limanyansa komanso limayabwa mmaso ndi pakhosi, koma loopsa kwambiri ndi lomwe maso saliona. Akatswiri amalitchula PM2.5, kutanthauza tizidutswa tosapitirira ma maikiromita 2.5, pomwe tsitsi limodzi la munthu kunenepa kwake ndi cha mma maikiromita 70, nde onani kuchepa kwake, timeneti mphuno siyitha kutitchinga, timalowa mpaka mkati mwenimweni mwa mapapo. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2021 ananena kuti pa tsiku PM2.5 isamapitirire ma maikirogalamu 15 mu kiyubiki mita imodzi ya mpweya, ndipo pa chaka chonse isapitirire 5. Ya fumbi lokulirapo lotchedwa PM10 anati 45 pa tsiku. Manambala amenewa muwasunge.

Timakina totchipato timagwira ntchito motere, muli kafani kakang'ono kokoka mpweya kuti udutse pa kuwala kwa laser, kadutswa ka fumbi kakadutsa kamamwaza kuwalako ndipo kadiso ka magetsi kamaona, nde makina amawerenga nkuyerekeza kuchuluka kwa fumbi. Mmene mumaonera fumbi likuvina pa kuwala kolowera pa kabowo ka denga mmawa, nzomwezo. Kunena zoona timanena, koma tili ndi zofooka zake, kukakhala chinyezi chambiri kapena nkhungu timakweza manambala chifukwa tizidutswa timafufuma ndi madzi, fumbi likachuluka mkati kadisoko kamachita khungu pang'onopang'ono, komanso fumbi lalikulu sitiliwerenga bwino ngati laling'ono. Ndipo kamakina sikanena kuti fumbili lachokera kumgodi, kumsewu, kotentha zinyalala kapena pa mbaula, kamangoti lachuluka. Nchifukwa chake ofufuza enieni amayamba aika timakinati pambali pa makina aakulu odula odalirika kwa masabata angapo nkuona kusiyana kwake kuti azikonza manambala.

Pa nkhani iyi anzathu a ku Uganda anatitsogolera. Ku yunivesite ya Makerere mu mzinda wa Kampala kuli gulu lotchedwa AirQo, motsogozedwa ndi Pulofesa Engineer Bainomugisha, iwowa amapanga okha makina oyeza mpweya poganizira fumbi, kuthimathima kwa magetsi ndi netiweki yofooka ya mmizinda ya mu Africa, amayendera sola, amatumiza pa netiweki wamba ya foni, ena anafika powamangirira pa njinga zamoto za kabaza kuti aziyeza mmisewu yambiri. Mfundo yawo ndiyomwe ine ndimaikonda, chinthu chipangidwe ndi anthu odziwa malo omwe chikagwire ntchito, osati kungotenga chopangidwira nyumba ya ku Ulaya nkuchipachika pa dzuwa la ku Tete.

Phindu kwa inu lilipo koma osati muli nokha. Kamakina kamodzi pakhonde panu kwa masiku atatu aliyense angakutsutseni. Koma anthu a mubairo mukagwirizana, timakina titatu kapena tinayi malo osiyana, kuyeza miyezi ingapo chilimwe ndi dzinja lomwe, wina nkumalemba mukope tsiku, ola, komwe mphepo ikuchokera ndi zomwe zimachitika nthawiyo, apo nde mwakhala ndi umboni woti nkupita nawo kwa akuluakulu aboma oona zachilengedwe ndi kwa eni ntchito. Pemphani aphunzitsi a ku sukulu yaukachenjede ya ISPT akuthandizeni kuwerenga manambalawo, sukulu imeneyo ili mchigawo mwathu momwemuno ndipo imaphunzitsa za migodi. Pakadali pano mbaula isamalowe mchipinda chogona mwana, utsi wa makala ndi nkhuni mnyumba umakweza PM2.5 koopsa, kuwonjezera apo makala amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo.

Malume sola yanga ndinagula ya mawati 100 ndi batire ya 100Ah, chaka sichinathe batire yafa, iyi ndi yachiwiri. Ndimayatsa TV, mababu anayi ndi fani usiku. Akundigulitsa zachinyengo kapena? Mnyamata wa ku Chingodzi, Tete

Achimwene, zachinyengo zilipo pamsika koma tiyeni tiwerengere kaye limodzi. Batire ya mavoti 12 ya 100Ah imasunga 1,200Wh (Wh ndi mawati kuchulukitsa ndi maola), koma batire ya asidi ukamaitsitsa kupitirira theka tsiku ndi tsiku imafa msanga, nde zanu zenizeni ndi 600Wh. Tiyerekeze TV yanu ndi ya mawati 60 maola asanu, ndi 300. Mababu anayi a mawati asanu maola sikisi, 120. Fani ya mawati 40 maola eyiti poti kutentha kwa ku Tete munthu sungagone popanda fani, 320. Zonse pamodzi 740, mwadutsa kale. Ndiye sola ya mawati 100 pa tsiku la dzuwa labwino imabweza cha mma 400Wh basi, kutanthauza kuti batire yanu siyikhuta, tsiku lililonse imagona ndi njala, ndipo batire ya asidi yokhala nthawi yayitali osadzadza mapuleti ake amauma nkusiya kugwira moto.

Kutenthanso kumawonjezera. Anthu amaganiza kuti dzuwa likamaotcha kwambiri nde sola ikugwira bwino, ayi, sola imafuna kuwala osati kutentha. Mawati olembedwa kumbuyo aja anayezedwa panelo ili pa madigiri 25, ikatentha kupitirira apo imataya pafupifupi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse, nde panelo yogona pa malata mu Novembala ikafika madigiri 65 yataya cha mma 16 peresenti. Batire nayo ya asidi moyo wake umadulidwa pafupifupi theka kutentha kukakwera ndi madigiri 10 okha pamwamba pa 25, apa muone kusiyana kwa munthu wa ku Tsangano kozizira ndi inu a mu mzinda momwe kutentha kumadutsa madigiri 40 mu Okutobala.

Chitani izi, panelo muikweze pakhale mpata wodutsa mphepo pansi pake, muziipukuta ndi kansalu konyowa mmawa dzuwa lisanakwere, batire ikhale pamthunzi podutsa mphepo, pakati pa panelo ndi batire pakhale kontrola, kachipangizo koyang'anira kutchaja kwa batire, osati kulumikiza mwachindunji, ndipo musagule batire ya galimoto, imene ija anaipangira kuliza injini kamphindi kochepa osati kuyatsa nyumba usiku wonse. Ndalama ikapezeka yambani mwawonjezera panelo musanagule batire yachitatu. Mabatire a lithium aja amapirira kutsitsidwa kwambiri ndipo amakhalitsa koma mtengo wake ndi wokwera, mudzawaganizire mtsogolo. Masamu omwewa ndi omwe opanga timabokosi ta nyengo tija amachita, kusiyana nkwakuti iwo amayamba ndi kuchepetsa zodya moto kenako nkusankha batire.

Malume, Cahora Bassa ili mchigawo mwathu momwe muno, mawaya akuluakulu amadutsa anthu akuwaona, bwanji osangokokako kawaya kamodzi kupita mmidzi? Mphunzitsi, Furankungo

Aphunzitsi funso ili limawawa ndipo ndimalimva kulikonse. Damu la Cahora Bassa la ku Songo linamalizidwa mu 1974, lili ndi makina asanu a mamegawati 415 lililonse, pamodzi 2,075, ndipo atsamunda analimanga ndi cholinga chogulitsa magetsi ku South Africa, nchifukwa chake chingwe chachikulu chimayenda makilomita oposa 1,400 kukafika ku Apollo kufupi ndi Johannesburg. Dziko lathu linatenga gawo lalikulu la umwini mu 2007 kuchoka kwa Portugal. Chingwe chimenecho magetsi ake ndi a mtundu wa DC, osati wa AC womwe umafika mnyumba, ndipo ndi a mavoti oposa 500,000, thiransifoma wamba siyingawatsitse, pamafunika siteshoni yonse yosinthira ya ndalama zankhaninkhani. Ngakhale zingwe za AC ngati cha 400kV cholumikiza Matambo ndi Phombeya ku Malawi sungakokeko kawaya, pamafunika sabusiteshoni, kenako mapolo, mathiransifoma ndi mamita, ndipo kumudzi komwe nyumba zili patalipatali mtengo wofikitsa magetsi pa nyumba imodzi umakwera kwambiri. Izi ndikufotokoza mmene zinthu zilili, sindikunena kuti nzoyenera kuti mwana wa ku Macanga aziwerenga ndi tochi ya foni. Boma linalonjeza magetsi kwa onse pofika 2030, ndipo kumadera akutali njira ina ndi ya sola zapanyumba ndi timagiridi ting'onoting'ono tomwe a FUNAE, bungwe la boma lothandiza kufikitsa magetsi kumidzi, amagwirapo ntchito, nde pa misonkhano ya boma muzifunsa kuti dera lanu lili pa ndondomeko iti komanso liti.

Malume ndili kalasi 11, ndimakonda kumasula mawailesi ndi matochi akufa, ndikufuna ndidzapange makina ngati amenewa. Kunyumba amati nzachibwana komanso si za atsikana. Ndiyambire pati? Mtsikana wa ku Ulongwe

Mwana wanga uthenga wako wandisangalatsa kuposa onse. Awuze akunyumba mwaulemu kuti waya sadziwa kuti wamugwira ndi mnyamata kapena mtsikana, ndipo ntchito imeneyi anthu amadyera. Limbikira masamu ndi fizikisi. Sukulu zilipo pafupi, ku Songo kuli sukulu yaukachenjede ya ISPS yophunzitsa uinjiniya wa magetsi ndi wa madzi, ISPT ndaitchula kale, ndipo kwanu konko ku Ulongwe kuli nthambi ya zaulimi ya UniZambeze, usaidelere poti ndi zaulimi, masensa oyeza chinyezi cha mnthaka ndi zothirira za sola akuzifuna kwambiri ndi alimi a mbatata ndi a madimba. Ukapeza mwayi wa kabolodi kotchedwa Arduino, kakompyuta kakang'ono kolumikizako masensa, ndi foni ya intaneti, yamba ndi kasensa ka kutentha, ukakwanitsa kuti nambala ioneke pa sikirini ndiye kuti wayamba.

Koma usadikire zimenezo, pali kafukufuku yemwe ungayambe mawa popanda metikali ngakhale imodzi. Peza chitini chowongoka, chomwe kukamwa ndi pansi nzofanana kukula, uchikhazike mowongoka pa mtengo wozika pabwalo kutali ndi denga ndi mitengo, pamwamba poti nkhuku ndi mbuzi sizifika. Mmawa uliwonse ola lomwelomwelo viika rula, mamilimita a madzi omwe wapeza ndiyo mvula ya tsikulo, lemba mukope nkukhuthula. Tsiku lopanda mvula lembanso 0, ambiri amaiwala zimenezi pomwe masiku opanda mvula ndi omwe amapha chimanga. Pambali uzilemba tsiku lomwe kwanu anadzala, lomwe chinamera, lomwe anathira feteleza. Upeze mnzako wa mudzi wina achite chimodzimodzi muziyerekeza, udzadabwa mmene mvula imasiyanirana pa mtunda waufupi. Ndipo ngati pafupi pali sukulu yokhala ndi kabokosi ngati ka ku Domwe kaja, pempha aphunzitsi ukhale mmodzi mwa otsuka fanelo, uziyerekeza manambala ake ndi a chitini chako, tsiku lomwe asiyana kwambiri kayang'ane mufanelo ngati mavu sanamangemo. Pofika Epulo unditumizire chithunzi cha kope lakolo, ndidzalisindikiza patsamba lino.